Mchenga wa Pakhomo pa a Yesaya

Achimwene anga a Lameck anali munthu woti ukawauza kuti "ingovomerani zithe," ndiye kuti wasonkhezera moto. Anthu a ku Lifuwu amati liumalo analitengera ku ntchito ya azungu. Bodza. Ine mlongo wawo ndinakula nawo kwathu kwa Maganga, ndipo ndikudziwa kuti anabadwa nalo.

Sukulu anailekezera panjira, koma kuwerenga ndi kulemba manambala ankatha bwino. Atakula anakakwatira ku Lifuwu, kwa Eveles, mkazi wakhama ndi wosalongolola. Anakakhala komweko pachikamwini, kulima mpunga m'munda wa eni, ndipo anabereka ana awiri, Margret ndi Elliot.

Boma la Chitaganya litangoyamba kunabwera azungu a kampani ina, ofuna mchenga wakuda uja umapezeka m'mbali mwa nyanja. Ankati mwina muli chuma. Anamanga shedi ya malata pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Salima, n'kumafuna munthu wodziwa manambala komanso wosapupuluma. Achimwene anawalemba ntchito, ndipo ankapalasa njinga kuchokera ku Lifuwu kukagwira ntchitoyo.

Ntchito yake inali yotere. Amuna okumba ankabwera ndi mchenga wa m'maenje osiyanasiyana. Achimwene ankautsuka m'beseni kuti matope achoke, n'kuuyanika pa lata, kenaka n'kuusefa. Timiyala totsalira pa sefa ankatisinja m'kamtondo kachitsulo. Akatero ankaunjika mchengawo pa tebulo ngati kachulu, n'kuuphwatalitsa, n'kuudula panayi ndi kathabwa. Magawo awiri oyang'anizana ankawakokolera kudzala, awiri otsalawo n'kuwasakaniza, n'kudulanso, mpaka utatsala wongokwana m'kathumba ka nsalu. Pakathumbapo ankalemba nambala ya dzenje limene mchengawo wachokera, ndipo kankakwera sitima kupita kwa akatswiri okauyeza. Lamulo lake linali loti dzanja lisasankhe, ndiponso kathumba kasanamizire dzenje lina.

Amuna a padoko anapeza pochezera. Munthu wandevu zake, kusinja ndi kusefa tsiku lonse.

"Akamwini athu apeza ntchito ya pamtondo," ankatero. "Tisonkherane tiwagulire chilundu."

"Mukagule chakuda," ankayankha achimwene, "sichionetsa fumbi."

Ntchitoyo ankaikonda, ndipo zimenezi ndizo zinkandidabwitsa ine. Malaya ali mbuu, zikhadabo zakuda, koma akayamba kukufotokozera za kudula mchenga panayi, umachita kupeza chonamizira kuti uchoke.

Chakudza sichiimba ng'oma. Azunguwo ankakumba maenje awo motsata chingwe, mzere wowongoka, osalabadira kuti chingwecho chadutsa pati. Tsiku lina chinadutsa pakhomo penipeni pa a Yesaya, atsibweni a Eveles, eni mbumba yonse ya pamenepo. Okumba aja anachita mantha. Achimwene anaganiza kuti ndi ulemu kuti pakumbe munthu wa pabanja pomwepo, osati mlendo. A Yesaya anali kumunda, akazi awo anati chitani, ndipo achimwene anakumba okha, kutapa mchenga, n'kukwirira bwinobwino.

Tsono aliyense kwathu kuno amadziwa kuti munthu wofuna kukulodza amatapa dothi la pamene waponda. Achimwene ankadziwanso. Koma anali atakhalitsa ndi mchenga moti pakhomo paja anangoonapo mchenga basi, osaona kuti ndi pamene nkhalambayo imatsitsira phazi m'mawa uliwonse ikamatuluka m'nyumba.

Mwezi usanathe, phazi la a Yesaya linatupa mpaka nsapato yosalowa.

Akuluakulu a pabanjapo anali a mpingo, Lamulungu kutsogolo m'tchalitchi, Lolemba ulendo wa kwa sing'anga. Kumeneko anakauzidwa zimene ankafuna kumva: mchenga uja ubwerere, aupake paphazi, phazi liphwa. Uthenga unafika kwathu kwa Maganga woti ankhoswe akumane. Mkamwini abweze mchenga pamaso pa onse, apo ayi ukwati watha, anyamule mphasa yake azipita. Ana, monga mwa mwambo wathu, ndi a kuchikazi, atsala.

Mchengawo unali utapita kale. Wina unakwera sitima, wotsalawo unasakanikirana ndi unzake kudzala la kushedi. Ine ndinawalondola ku Salima komweko, ndinawapeza akusefa.

"Achimwene, mchenga ndi mchenga," ndinatero. "Tapani uliwonse, mangani m'kathumba, kaperekeni. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine."

"Ndiye mutaye ana chifukwa cha dothi lodzaza dzanja limodzi?"

Anaika sefa pansi. "Tamvera, Pauline. Ndikabweza mchenga, ndavomera kuti ndinautapira zoipa. Phazi likaphwa adzati mwaona, anali iyeyo. Likapanda kuphwa adzati wabisa weniweni. Uku ndi uku ine ndine mfiti, ndipo Margret ndi Elliot ndi ana a mfiti mpaka kumanda. Dzina limenelo salichapa."

Ndinawanena zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera kunenera mkulu wako. Iwo anatola sefa yawo n'kupitiriza.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Eveles anali ndi ana awiri ndi mwamuna amene ankamukonda, ndipo sanafune kungokhala manja lende. Anatenga kathumba kopanda kanthu m'jekete la achimwene, anatsikira padoko, n'kukadzaza mchenga. Sanauze munthu. Ine mpaka lero sindimuimba mlandu, pakuti ndikadakhala ine ndikadachita zomwezo.

Tinakumana m'mawa pakhonde pa a Yesaya. Kuchokera kwathu tinali ine ndi atsibweni athu a Lenard, nkhoswe ya achimwene. A Yesaya anali pampando, phazi lili pa mtondo wogubuduza, kuti aliyense alione. Nkhani isanapite patali, Eveles anadzuka, anakagwada pamaso pawo, n'kuika kathumba kaja pansi.

"Atsibweni, abambo a Margret achita manyazi, ndiye atuma ine. Mchenga wanu ndi uwu."

Anthu onse anapumira m'mwamba. A Lenard anayamba kale kuwomba m'manja mothokoza. Ngakhale a Yesaya nkhope inamasuka, chifukwa kunena zoona sankafuna kutaya mkamwini wolima ngati ameneyo. Anatembenukira kwa achimwene.

"Ndi womwewo, akamwini? Sindifuna mawu ambiri. Ingogwedezani mutu, nkhani ithere pompano."

Ndinawayang'anitsitsa achimwene, kuwapempha ndi maso. Iwo anayang'ana Eveles nthawi yaitali, kenaka ana awo amene anali atakhala ndi amayi ena pambali. Anadzuka, anatola kathumbako, anamasula, n'kukhuthulira pang'ono m'dzanja.

"Uwu ndi wa padoko, apongozi," anatero mosakweza mawu. "Wa pakhomo panu unakwera sitima, ndipo anaukweza ndine. Mkazi wanga wachita izi pofuna kundipulumutsa, musamudzudzule. Koma phazi lanu sindinalilodze, ndipo sindibweza chinthu ngati kuti ndinachiba. Mukalola, ndikukwezani panjinga pompano mpaka kuchipatala ku Salima."

Kenaka Eveles anafunditsa nkhope m'nsalu.

"Mwandivula pagulu, abambo a Margret," anatero akulira. "Ndinakutsegulirani khomo, inu mwalitseka ndi mwendo."

A Yesaya anangoloza njira. Dzuwa lisanafike pamutu, achimwene anali atamanga mphasa, khasu ndi bulangeti kumbuyo kwa njinga. Elliot anathamangira njingayo, amayi ena n'kumugwira. Margret, amene anali wamkulupo, anangoima chilili. Njira yonse ya kwa Maganga ine ndinkalalata, iwo akungokankha njinga. Ndinawakwiyira chaka chathunthu, ndipo mkwiyo winawo ndikadali nawo.

Chinandiwawa kwambiri n'choti zonse zimene anavutikirazo zinatha ngati masewera. Kampani ija inakhala zaka zochepa, inapakira katundu n'kumapita, osakumba mgodi uliwonse. Shedi ija anayamba kusungiramo thonje. Phazi la a Yesaya linaphwa lokha mvula itatha, popanda mchenga wa munthu, ndipo palibe amene anabwera kwa Maganga kudzapepesa. Eveles anadikira, anatumiza mawu kawiri kuti achimwene angopita kukagwada, iwo anati wogwada ndi wolakwa. Pambuyo pake anakwatiwa ndi mwamuna wina. Achimwene sanakwatirenso. Ankalima chinangwa ndi kukonza njinga za anthu pansi pa mtengo, ndipo ana awo ankawaona mwa apo ndi apo pamsika ku Salima.

Koma mawu oti mfiti anafa okha ku Lifuwu. Anthu ankati mfiti yeniyeni ikadalandira kathumba kaja ndi manja awiri. Dzina limene linatsala linali loti munthu wouma mutu.

Margret atakula, anamufunsira mnyamata wa banja lolemekezeka, mwana wa mphunzitsi. Abale a mnyamatayo anayamba afufuza kaye, monga achitira anthu, kuti mtsikanayu ndi wa mtundu wanji, kwawo kulibe zoipa kodi. Choipa chimene anamva chinali choti bambo ake ndi aliuma. Anaseka n'kupitiriza zokonzekera.

Ukwatiwo unachitikira kutchalitchi ku Lifuwu. A Yesaya anali akadali moyo, ndipo analamula kuti kwa Maganga kusapite uthenga. Tinangomva kwa anthu a pamsika. Tsikulo achimwene anadzuka m'mawa, anasamba, anasita jekete lawo, anapopa njinga, n'kukhala pakhonde atayang'ana kunjira, kuti mwina wina atumidwa. Anakhala pamenepo mpaka madzulo. Sikunabwere munthu.

Ndinawapititsira madzi akumwa, ndipo nditaona maso awo ali ofiira, mtima wanga unasweka, koma pakamwa panga panatuluka ukali.

"Mwaona tsono, achimwene? Mukadangogwedeza mutu tsiku lija, bwenzi lero muli kutsogolo m'tchalitchi."

Analandira chikhocho, anamwa pang'ono, n'kundibwezera.

"Ndikadagwedeza mutu, Pauline, bwenzi lero kulibe ukwati woti andimane."