Chisuweni cha Abambo Firmin Drabo

Abambo Firmin Drabo anabadwira mu mtundu wa Asamo, m'banja lolima mapira. Ali mwana ankaweta mbuzi, ndipo mayi awo ankati mwana wolongolola chonchi adzathera pogulitsa mowa pamsika. Mulungu anawatengera ku seminale, koma pakamwa anawasiyira momwemo.

Atadzozedwa unsembe anatumizidwa ku Tangseega, pakati pa anthu a mtundu wa Amossi. Msamo ndi Mmossi ndi pachisuweni kuyambira kale: amanyozana, amatchulana akapolo, koma wokwiya ndiye wolakwa. Abambo anapeza msuweni wowayenera mwa katekisiti wokalamba, a Raogo Nikiema.

"Kapolo wanga, belu lija waliza?"

"Ndaliza kalekale, Abambo odya agalu inu. Mumayesa Misa idziwerenga yokha?"

Zaka zinapita motero. Abambo ankabatiza, ankayendera odwala panjinga, ankadya chimene apeza.

Kenaka kunabwera anthu amfuti a panjinga zamoto. Analetsa belu, natseka sukulu, nalengeza kuti wansembe aliyense amene adzamupeze ndi wakufa. Ambuye Episkopi anaitana ansembe kuti athawire m'tauni. Abambo Firmin anapempha kutsala. "Nkhalamba zimene sizingayende adzazilapitsa ndani?" Anavula mkanjo, navala malaya akumunda, n'kumawerenga Misa kuseri kwa nkhokwe. Mantha anali nawo, ndipo sankabisa. Anaonda, nthabwala zinachepa.

Lamulungu lina, Misa itangotha, njinga zija zinazungulira mudzi. Amuna onse anakhazikidwa padzuwa, Abambo ali pakati pawo ngati mlimi wamba.

"Wansembe ndi uti?" anafunsa mkulu wa amfutiwo.

Ngakhale ana sanaloze ndi diso lomwe. Mkuluyo anaona kolona wopempherera m'khosi mwa a Raogo, nawakokera kutsogolo.

"Ndi iweyo, mdala?"

"Ndine," anatero a Raogo. Anagwada pafumbi, mfuti ili pankhongo.

Apo kumbuyo kunamveka kuseka. Abambo Firmin anaimirira.

"Mwamuyang'anitsitsa ameneyo? Mmossi angawerenge Misa? Ndi kapolo wanga uyu, ntchito yake n'kundisesera pabwalo. Wansembe ndine."

"Akunama!" anakuwa a Raogo. "Msamo ananenapo zoona liti? Khalani pansi, odya agalu inu!"

Koma Abambo anatulutsa kabotolo ka mafuta odzozera odwala, nakakweza kuti onse akaone. Anauzidwa kuti akane Khristu kuti akhale ndi moyo. Anapukusa mutu. Podutsa anasanjika dzanja pamutu pa a Raogo, ndipo anawomberedwa pansi pa mlambe, nkhope yawo ili phee ngati munthu wogona.

Ife a m'mudzimo tinawaika madzulo ake mwachangu, popanda belu. Mwambo umati Msamo akafa, Mmossi alowe m'manda, aletse maliro, amunyoze wakufayo mpaka ofedwa aseke. Kusatero n'kumuika ngati mlendo. Onse anayang'ana a Raogo.

Nkhalambayo inatsikira m'dzenjemo. Tinadikira chipongwe. Chisoni chimene tinali nacho sichineneka.

"Asamo ndinu akuba," anatero pomaliza. "Imfa ija inali yanga, Abambo. Mwandibera."

Palibe anaseka. A Raogo anakhala pansi m'mandamo n'kuyamba kulira, ndipo amuna anachita kuwanyamula kuti mtembo ulowe.