Makorali a Abson Tembo

Abson Tembo anayendetsa thiraki zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kuchoka ku Lusaka kupita kudoko la ku Tanzania ndi kubwerera. Makolo ake anachokera ku Katete, koma iye anakulira ku Palabana, ndipo komweko ndi kumene anamanga nyumba. Ulendo wina akudikira katundu kudokoko, analowa m'sitolo kuthawa dzuwa, n'kupeza thanki ya galasi yodzaza madzi amchere. M'katimo munali makorali, tamoyo ta m'nyanja tooneka ngati miyala yophuka maluwa. Anaima pamenepo mpaka mwini sitolo anamubweretsera mpando.

Matenda a shuga anamutsitsa m'thiraki mu 2019. Atakhala pakhomo miyezi ingapo, Alick, dalaivala mnzake, anamubweretsera tizidutswa tisanu ta makorali m'chigubu, ndi thumba la mchere wa m'nyanja. Thanki anapanga yekha. Chovuta chinali kuwala, pakuti makorali amakula ndi kuwala ngati mbewu, ndipo babu wamba sawakwanira.

Anaphunzira pa foni. Anagula timababu ta LED, tabuluu makumi awiri ndi toyera khumi, n'kutimata pa chitsulo cha windo lakale. Waya aliyense anawotcherera ndi manja ake, ndipo pamwamba anaikapo kafani ka kompyuta yakufa kuti chitsulo chisatenthe. Chimene ankanyadira kwambiri chinali kabokosi kowerenga nthawi. Kukacha m'mawa kankayatsa tabuluu pang'onopang'ono, masana n'kuwonjezera toyera, madzulo n'kuchepetsa mpaka zii.

Mkazi wake, Nelesi, ankagulitsa mkaka ndi ndiwo zamasamba pamsewu.

"Atate ake Cindy, anzanu aweta ng'ombe, imwe muweta miyala," anatero tsiku lina.

"Ni zamoyo izi, amake Cindy. Bwelani muone, zatseguka."

Nelesi anawerama n'kuona timanja tobiriwira tikugwedezeka m'madzi. Kuyambira pamenepo sanamusekenso. Patapita zaka zinayi, tizidutswa tija tinali titadzaza thanki, ndipo Lamlungu anthu ochokera kutchalitchi ankapatuka kudzaona.

Kenako kunabwera chilala cha 2024. Madzi atachepa m'madamu opangira magetsi, magetsi ankazima tsiku lonse, nthawi zina kuposa apo. Abson anapeza batire la thiraki ndi sola imodzi, koma panafunika kusintha mawaya onse kuti nyali ndi pampu yoyendetsa madzi zigawane mphamvu yochepayo. Apo n'kuti maso ake atayamba kuchita chifunga. Waya wofiira ndi wakuda ankaoneka chimodzimodzi, ndipo nsonga za zala zake zinali zitachita dzanzi.

"Tiitane ba Chabala wamagetsi ku Chongwe, akuthandizeni," anatero Nelesi.

"Chabala aziba za ma fuliji. Ivi ninapanga neka, nizakonza neka."

Anagwira ntchitoyo masiku awiri, akupapasa. Nyali zinayaka. Koma m'mawa mwake chilonda chimene anali nacho kuphazi chinatupa n'kuyamba kununkha, ndipo anamutengera kuchipatala ku Lusaka. Anagonekedwa milungu itatu, anamudula zala ziwiri za kuphazi. Mwana wawo Cindy, amene amagwira ntchito m'tauni, ndiye ankamudikirira. Nelesi anatsala kusamala pakhomo. Tsiku lililonse Abson ankaimba foni ndi funso limodzi.

"Ziyaka?"

"Ziyaka bwino, kupambana na kale," ankayankha Nelesi, ndipo sankanama.

Atabwerera, fungo linamulonjera pakhomo penipeni. Anatsimphina ndi ndodo mpaka kuchipinda kumene kunali thanki. Madzi anali a mbuu, ndipo makorali onse anali atayera ngati mafupa. Anakhala pansi n'kuyamba kutsata waya ndi chala, kuchokera ku batire. Sanachedwe kupeza. Anali atalambalala kabokosi ka nthawi. Nyali zinkayaka ndi mphamvu zonse osapumira, mpaka batire kutha, ndipo batire likatha pampu inkaima, madzi n'kutentha ndi dzuwa la Okutobala.

Nelesi anaima pakhomo atagwira chitenje kukamwa.

"Madzi yanayamba kusintha sabata yatha. Ninayopa kukuuzani muli pa bedi."

"Si imwe," anatero Abson. "Ni ine ninalumikiza."

Sanalire, koma sanadyenso tsiku limenelo. Alick atamva, anaimba foni kunena kuti ulendo wotsatira abweretsa tizidutswa tina.

"Osavutika, mnzanga," anayankha Abson. "Nizaviona na chani? Dokota akamba kuti diso ya kumanzele yasila, siona, ya kumanja isatila."

Masiku ano Abson amakhala pakhonde kuyambira m'mawa, phazi lili pa kampando. Anthu odutsa amamupatsa moni, iye amawazindikira ndi mawu. Kuchipinda kuja salowako. Mvula yoyamba itagwa, anapempha Nelesi kuti akhuthulire makorali akufa aja m'ndowa. Anainyamula yekha, akupumira panjira kawiri, mpaka pamsewu wafumbi wodutsa pageti pawo. Pamenepo panali dzenje limene ma minibasi ankagwamo. Anathiramo zonse, n'kusalaza ndi ndodo yake, ndipo anaima pambali kumvetsera minibasi ya ku Lusaka ikudutsa.