Ndinasiya Wonga mu Gogodera

Inu owerenga, ine ndinapundula dzanja la achimwene anga ndili kuno ku Doha, mfutiyo ndisanaikhudze kwa zaka pafupifupi ziwiri. Palibe amene anandiimba mlandu, ndipo kumudzi ambiri mpaka lero amangoti inali ngozi. Koma ine ndikudziwa pamene ndinalakwa, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene zinayendera, kuti amene ali ndi mfuti ya gogodera pakhomo pake asadzachite zimene ndinachita ine.

Kwathu ndi kumapiri a ku Neno, kumene munthu ukalima chimanga umalimira pamodzi ndi anyani ndi nguluwe. Bambo athu atamwalira, gogodera yawo inagwera ine, chifukwa pa ana onse ndine amene ndinkawatsatira kuthengo. Achimwene anga aakulu, a Fanuel, za ulenje sankazikonda. Iwo ndi kalipentala, ndipo zitseko zambiri za m'mudzi mwathu zinatuluka m'manja mwawo. Kuthira wonga ankakudziwa pongoonerera bambo, koma sindikumbuka kuti anawomberapo ngakhale nkhwali.

Kwa inu amene simunaionepo, gogodera ndi mfuti yodyera kukamwa. Umathira wonga mumpope wake, n'kutsindira kansanza ndi ndodo yachitsulo, kenako umaponyamo zipolopolo n'kutsindiranso. Kumbuyo kwake kuli kabowo kamene umavekapo fataki, kachipewa kamkuwa kamene kamayatsa wonga kanyundo kakamenya. Vuto lake ndi lakuti zimene yameza sizituluka mwaulemu ngati mmene zimachitira mfuti za masiku ano. Ukabwerako kuthengo osawomba, uyenera kusankha. Kaya uiwombere pachulu kuti ilavule, kaya utokose zonse ndi waya wopota, ntchito yotopetsa zedi, kaya uisiye choncho.

Kwathu timaisiya choncho. Wonga ndi wovuta kupeza, ndiye kuuwombera pachulu timakuona ngati kutaya mchere m'madzi. Komanso nyani sapangana nawe tsiku, akalowa m'munda ufunika mfuti imene yadya kale. Choncho timangovula fataki, kukulunga mfuti m'chiguduli, n'kuipachika kudenga kwa khitchini kuti utsi uziumitsa wonga. Bambo anachita zimenezi moyo wawo wonse ndipo sanavulalepo. Chimene sindinachiganizire n'chakuti bambo sankatha sabata osalowa kuthengo, ndiye zimene zinali mumfuti zinalinso m'mutu mwawo.

Ulendo wanga womaliza ndinapita kukalonda nguluwe imene inkatifukulira chinangwa. Poti nguluwe ili ndi chikopa cholimba, ndinathira wonga wambiri kuposa wa masiku onse, n'kuikamo tizidutswa ta chitsulo. Nguluweyo sinabwere. Ndikungofika pakhomo, foni inalira. Anali munthu amene ankatikonzera za ulendo wa ku Qatar, akuti tikiti yatuluka, ndifike ku Lilongwe mawa lake. Abale, mutu wonse unapita kundege. Ndinavula fataki, kukulunga mfuti, kuipachika pamalo pake, n'kuyamba kufunafuna chikwama. Sindinauze aliyense kuti muli wonga.

Kuno ndimagwira ntchito yaulonda panyumba ina ya maofesi ku Al Mirqab. Timagona kudera lotchedwa Old Airport, ndipo basi ya kampani imatitenga m'mamawa. Ntchito yake ndi kuimirira pakhomo, kuona makadi a olowa, kulozera alendo kolowera. Lamulo lalikulu ndi lakuti foni imatsala muloka, kabati yotsekeramo katundu wathu, mpaka nthawi ya buleki, ndipo pamwamba pa mutu wako pali kamera. Mnzathu wina anabwezedwa kwawo chifukwa chopezeka ndi foni pantchito, ndiye tonse lamuloli tinkaliopa ngati moto.

Pakhomo pomwepo ndinkaima ndi a Tembo, bambo wachikulire wa ku Chipata. Nawonso anakulira m'banja la alenje, ndipo tikakhala mubasi nkhani zathu zinali za kuthengo. Tsiku lina tinatsutsana za nkhani yomweyi. Iwo ankati kwawo mlenje salowa m'mudzi ndi mfuti yodya, amaiwombera pachulu kaye, ngakhale wonga utakhala wotsiriza. Ine ndinawaseka. Ndinati zimenezo ndi za anthu olemera, ndipo ndinawauza monyada kuti kwathu mfuti yopanda wonga timaiyesa mpini chabe. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti fataki ndi imene imaoneka, wonga suoneka.

Tsiku la tsokalo inali nyengo ya chimanga chachiwisi kumudzi. Ndikuthamangira basi m'mawa, ndinapeza uthenga wa mawu wochokera kwa achimwene. Ankati anyani atha munda wa kuphiri, ana atopa ndi kuwakuwiza, ndipo apeza wonga pang'ono kwa mlenje wina. Ankafuna angowomba m'mwamba kuti anyaniwo achite mantha. Kenako anafunsa bwinobwino: "Kodi mfuti ija unaisiya ilibe kanthu? Ndiuze ndisanathire."

Amati safunsa anadya phula, koma achimwene anafunsa, ndipo anafunsa mwini wake. Dalaivala anali akuliza hutala, ine nsapato imodzi ili m'manja. M'mutu mwanga munangobwera chithunzi cha ine ndikuvula fataki ndi kukulunga chiguduli. Ndinayankha mwachangu kuti, "Ilibe kanthu achimwene, ingothirani." Ndinawonjezeranso kuti asavutike ndi kuyeza ndi ndodo kuti aone ngati muli kanthu mumpope. Ndinakwera basi, ndipo titafika ndinatsekera foni muloka.

Dzuwa litakwera, anthu olowa atachepa, ndinawauza a Tembo mocheza kuti lero anyani akwathu aona zakuda, achimwene akuthira wonga mu gogodera ija. Iwo sanaseke. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Paja munati kwanu simuchotsa wonga. Manje imwe, munaiwomba liti last time?"

Nguluwe ija inabwerera m'mutu mwanga, pamodzi ndi wonga wambiri uja ndi tizitsulo tija. Aliyense wodziwa gogodera akudziwa chimene chimachitika ukathira wonga pamwamba pa wonga wina. Mpope wakale ngati umene uja sungapirire.

Apa ndiye pali kulakwa kwanga kwenikweni, inu owerenga. Kuiwala ndi kwa munthu aliyense, koma ine ndinakumbukira nthawi ikanalipo. A Tembo anandiuza kuti, "Yalla, fulumirani, thamangani ku locker, ine ndi-cover post, ndikuimirirani pano. Supervisor akabwera ndinena kuti muli ku toilet." Loka inali pansi pa nyumbayo, kongotsika masitepe. Ndinayang'ana kamera, n'kukumbukira mnzathu wobwezedwa uja. Ndinaganiza za nyumba imene ndinali nditangoyamba kumanga kumudzi, ndi manyazi obwerera kwathu kontirakiti isanathe. Kenako ndinayamba kudzinamiza. Ndinati wonga wa zaka ziwiri unafa kale ndi chinyezi. Ndinati achimwene ndi munthu wochedwa, sapita kumunda asanamalize za kushedi kwawo. Ndinati mwina ayeza ndi ndodo ngakhale ndawaletsa. A Tembo anandikakamiza kachiwiri, ine n'kuwauza kuti buleki yayandikira, ndidikira.

Ndinadikiradi. Ndinaima pakhomo paja ndikumwetulira alendo, kuwauza kuti alowe bwino.

Buleki itakwana ndinatsika masitepe mothamanga. Pafoni panali mndandanda wa anthu amene anandiimbira osandipeza. Ndinaimba nambala ya achimwene, ndipo anayankha ndi alamu anga, akazi awo. Sanandipatse ngakhale moni. Anangoti, "Alamu, mfuti yaphulika," n'kuyamba kulira. Kumbuyo ndinkamva njinga yamoto ndi anthu akukuwa kuti awamange bwino nsalu.

Zinachitika monga mmene ndinkaopera. Utsi wa kukhitchini unasunga wonga wanga wouma bwinobwino. Achimwene anathira wawo pamwamba, kutsindira, kuveka fataki, n'kuloza m'mwamba m'mphepete mwa munda. Mpope unang'ambika pamalo penipeni pamene dzanja lamanzere limagwira. Kuchipatala anayesetsa, moyo anaupulumutsa, maso nawo anatsala, koma chala chachikulu ndi zala ziwiri zoyandikana nacho zinapita.

Ndinabwerera pakhomo paja n'kumaliza shifiti, chifukwa kunalibe kochitira. A Tembo sananene kuti ndinakuuzani. Madzulo mubasi anangokhala pafupi nane, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Ndinapempha tchuthi chadzidzidzi, koma anandiuza kuti munthuyo ali moyo, ndidikire nthawi yanga. Ndinatumiza zothandizira kuchipatala, koma ndinkadziwa kuti kalipentala safuna chithandizo, amafuna dzanja logwira thabwa pamene linalo likupala.

Chimene chinandisautsa kwambiri n'chakuti achimwene anandibisa. Anthu akabwera kudzawazonda, ankawauza kuti wolakwa ndi iwo, chifukwa anagwira chida chimene sachidziwa ndipo sanayeze. Za uthenga wanga uja sanauze munthu, ngakhale mayi athu. Ine kuno ndinkalandira mauthenga ondipepesa, ena mpaka kundiyamika kuti ndine m'bale wabwino posamala wodwala ndili kutali. Mawu amenewo ankandilasa, ndipo chakudya chinkandikanika.

Patapita miyezi, bala litapola, ndinalimba mtima n'kuwaimbira pa vidiyo. Anali atakhala kushedi kwawo, dzanja lija ataliika pamwendo. Ndinawauza zonse, kuti sindinangoiwala ayi, koma ndinakumbukira dzuwa lisanafike pamutu, mnzanga anandipatsa mpata woti ndiimbe, ine n'kusankha kuopa kamera. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo kunena zoona ndinkafuna atandilalatira. Koma iwo anangondifunsa kuti inali nthawi yanji. Nditawauza, anawerengera nthawi ya kwathu n'kunena kuti, "Nthawi imeneyo ndinali ndikanali pakhomo, ndikumwa tiyi. Foni inali m'thumba."

Kenako anasintha nkhani. Anandifunsa za kutentha kwa kuno, n'kundiuza kuti mayi akudandaula miyendo. Ine misozi inali ikungotsika, ndili pampando wa kuseri kwa nyumba yathu yogona, anzanga akudutsa ndi mabeseni awo ochapira.

Tsono inu amene muli ndi gogodera, ndimvereni ine amene ndinkaseka a Tembo. Mukabwerako kuthengo, ilavulitseni musanalowe m'mudzi. Wonga umene mukuumira mudzaupeza wina. Musadalire kuti mwavula fataki, ndipo musadalire mutu wanu, chifukwa simudziwa chimene chidzakuchotseni pakhomo mawa, kaya ndi ulendo, kaya ndi matenda, kaya ndi maliro. Mwambo wosiya wonga mumfuti unali wa anthu amene sankachoka pamudzi, pamene ife a lero tili balala, wina ku Joni, wina kuno. Inunso amene mwabwereka mfuti, ngakhale mwini wake atalumbira kuti ilibe kanthu, ponyanimo ndodo muone pamene yalekezera, ndipo ngati simudziwa kuyeza kwake, isiyeni. Kwa anzanga amene tili kunja kuno ndikuti, funso lochokera kumudzi musaliyankhe mukuthamangira basi. Ndipo mukazindikira kuti mwalakwitsa, imbani nthawi yomweyo. Ntchito ndinaiteteza, mpaka lero ndikanali pakhomo pomwe paja, koma sindinganene kuti ndinapindula.

Achimwene anabwerera kushedi, koma zitseko anasiya. Amapanga timipando ndi tizinthu ting'onoting'ono timene angathe kupanikiza ndi bondo. Sabata yatha ndinawauza kuti tchuthi changa chayandikira, n'kuwafunsa chimene ndiwagulire kuno, kaya foni yatsopano, kaya makina opalira amagetsi. Anaseka pang'ono n'kuti, "Usandigulire kanthu. Ukabwera, udzangondigwirira matabwa."