Dazi la a Chikwakwa

Kupaki ya mumzinda aliyense ankangowatchula kuti a Chikwakwa. Dzina lawo lenileni ankalikumbukira ndi akazi awo okha, nawonso akapsa mtima basi. Anatha zaka makumi awiri akutchetcha udzu m'pakimo, ndipo sankafuna kuona ngakhale kaudzu kamodzi katadzutsa mutu. Ankameta mpaka m'mphepete mwa kamtsinje kodutsa pakati pa paki, n'kusiya nthaka ili mbee ngati dazi lawo lomwe.

Pafupi ndi kamtsinjeko panali benchi yachitsulo. Pamenepo ndi pomwe anafunsira mbeta akazi awowo, ndipo masana aliwonse mayiwo ankabwera ndi chakudya kuti adyere limodzi pomwepo. Koma mvula ikagwa, madzi ochokera mumsewu ankathamanga m'paki n'kumagumula gombe. Chaka ndi chaka mtsinje unkasendera kubenchiko. Patatsala mapazi atatu okha, kapitawo wa paki ananena kuti gombe likagumukanso, benchiyo izulidwa n'kupita kwa ogula zitsulo. Mawuwa anawabaya mtima a Chikwakwa.

Mwamwayi, chaka chomwecho khonsolo inapereka ndalama zotetezera magombe m'mapaki. Kunabwera mlangizi, mayi wovala jombo, ndi anthu ake. Anayala miyala, n'kubzala mizere ya vetiva, udzu wa mizu yozama. Tsoka ilo, sabata imeneyo a Chikwakwa anali patchuthi, ndipo palibe anawauza.

Lolemba atabwerera anapeza zitsinde za udzu zili ndandanda kutsogolo kwa benchi yawo.

"Kungochoka pang'ono, paki yasanduka tchire!"

Anavula malaya. Pomwe mlangizi ankafika masana, anapeza pali yeretu, eni ake atakhala pabenchi ndi akazi awo.

"Bambo, udzu wathu uli kuti?"

"Musadandaule, mayi," anayankha monyadira. "Ndazula ndi mizu yomwe, suphukanso."

Mlangizi anafotokoza mofatsa kuti udzuwo ndi umene ukanachepetsa liwiro la madzi ndi kugwira dothi. A Chikwakwa anapukusa mutu. Udzu n'kuimitsa madzi? Sukulu zinazi!

Akazi awo anangotsegula botolo la madzi n'kuwathira padazi. Madzi anatsetsereka mpaka kumsana.

"Aa! Mwatani kodi, amayi?"

"Dikirani, abambo." Anathira ena pandevu. Madziwo anangokhala momwemo, akudontha pang'onopang'ono. "Mwaona? Gombeli mwalimeta mpala zaka makumi awiri. Mtsinjewu mumauitana ndinu."

Mlangizi anaseka mpaka misozi. A Chikwakwa sanaseke, manyazi anawagwira. Benchi imene ankaiopera ija, mdani wake anali chikwakwa chawo chomwe.

Madzi akatayika saoleka, koma udzu umaoleka. Anatola zitsinde zonse pamulu wa zinyalala, n'kuzibzalanso okha, mlangizi akuwaonetsa mizere. Kuyambira pamenepo chikwakwa chimathera mapazi khumi kuchokera kumtsinje, ndipo wodutsa akangoponda vetiva amamva mluzu.

Mvula inabwera yamkuntho, mtsinje unadzaza, koma gombe silinagumuke. Pofika chaka chachiwiri udzu unali utawapitirira m'chiuno.

Tsiku lina akudya pabenchi paja, akazi awo anasuzumira uku ndi uku.

"Udzu wanuwu watitchinga. Mtsinje sukuonekanso."

A Chikwakwa anapukuta m'manja, n'kusendera pafupi.

"Usiyeni. Pajatu ngakhale tsiku lomwe ndinakufunsirani lija sindinabwere kudzaona mtsinje."