Girisi wa ngolo pa ntchafu ya atate

Mwaswera bwanji nonse.

Tangotuluka m'chipatala kuno ku Katete, komwe tinakaonetsa chitsulo chija anawaika atate m'ntchafu atagwa pa ngolo. Atate atangopinda thalauzi, adokotala anafunsa, "Kodi chikununkha ngati galaja n'chiyani?"

Abale inu, girisi! Atate akhala akudzola girisi wa ngolo pa ntchafupo m'mawa uliwonse, amayi osadziwa. Akuti, "Mvula yayamba. Chitsulo chosadzoza chimachita dzimbiri. Pulawo yanga ndimaisiya youma ine?"

Adokotala anaseka mpaka misozi. Kenaka anawafotokozera mwaulemu kuti chitsulocho sichichita dzimbiri, ndipo pamwamba pake anachikuta ndi zinthu zofanana ndi fupa kuti thupi lisachikane. Pa chithunzi cha ekisileyi tadzionera tokha, fupa lamera n'kuchigwira zolimba. Koma girisiyo ati asiyiretu lero lomwe, chifukwa khungu layamba kale zidzolo pafupi ndi chipsera.

Atate anavomera. Koma m'minibasi muno akundinong'oneza kuti ndibwerere ndikafunse ngati angawakutirekonso pulawo yawo.

Nanga chitini chawo cha girisi tichibise, kapena tiwakhulupirire? Achimwene ku Vubwi, inu ndiye amakumverani. Tayankhulani, ine amangondiseka.