Mbawa Yokulira M'ndowa

Mukapita pa msika wa pa boma ku Mzimba, kumzere wa tomato, mukapeza mayi wina wamtali, wosakonda macheza, amene amaunjika milu yake ngati wakwiya nayo. Dzina lake ndi Nesta Nhlema, koma mukafunsa dzina limenelo palibe angakulozereni. Onse amangoti NyaNhlema. Tomato amene amagulitsayo si wolima yekha, amachita kupikula kwa alimi a ku Jenda. Kunena mosapsatira, ambiri mwa alimiwo sangafike pa ulimi wa mayi ameneyu ngakhale theka. Koma nanga mlimi wopanda nthaka angalime pati?

Anakwatiwa m'mudzi wina wa kufupi ndi Champhira, kwa a Thole. Mwamuna wake, Aaron, anamulowola ndi ng'ombe, iye n'kusamuka kukakhala kuchimuna monga mwa mwambo wa kumeneko. Aaron anali ngati amuna ambiri a deralo, mwendo umodzi pakhomo wina ku Joni. Ankabwera pa Khirisimasi ndi mabulangete ndi nsapato za ana, chaka chikangoyamba n'kubwereranso. Ulendo womaliza anabwera ali m'bokosi, pa ngolo yokokedwa ndi minibasi. Anasiya ana awiri, onse aakazi, ndi dimba la m'mbali mwa kamtsinje.

Maliro atatha, mkulu wake wa Aaron, a Goodson Thole, anaitana mlamu wawoyo pakhonde. A Goodson si munthu waukali, ayi ndithu. Amalankhula mofatsa ngati mkulu wa mpingo, ndipo ndi mkulu wa mpingodi.

"Alamu, pano ndi panu, palibe akuthamangitseni," anatero. "Dimba lija limani. Koma muzidzala zokolola chaka chomwecho. Mtengo ayi. Mtengo amadzala ndi mwini nthaka."

"Yewo, adada," anayankha NyaNhlema atagwada.

Sanafunse chifukwa, pakuti ankachidziwa. Kumeneko mtengo ndi mboni. Chimanga chimakololedwa n'kuiwalika, koma mango akakula amauza aliyense wodutsa kuti malo ano ndi a uje amene anandidzala, ndipo amanenabe ngakhale ujeyo ali kumanda. Mkazi wobwera, wopanda mwana wamwamuna, akadzala mtengo ndiye kuti wayamba kulanda malo a eni. Choncho NyaNhlema anasunga lamulolo kuposa malamulo khumi aja. Ngakhale gwafa womera yekha kuchokera m'zitosi za mbalame ankamuzula ndi manja ake asanafike m'bondo.

Dimba lija ndi limene linalera ana. Mpiru, anyezi, tomato, kabichi, zonsezi zinkachoka pamenepo kupita pa msewu wa phula pa njinga yobwereka. Esme, mwana woyamba, anafika nalo mpaka fomu folo. Mng'ono wake anakwatiwa ku Embangweni atavala diresi yogulidwa ndi anyezi.

Kenako kunabwera bungwe. Dzina lake linali Tisunge Charu, kabungwe kakang'ono ka ofesi ya chipinda chimodzi pa boma, kophunzitsa anthu kupanga manyowa, kudzala vetiva pa akalozera ndi kuteteza magombe a mitsinje. Mlangizi wake anali mtsikana wa ku Dedza dzina lake Providence, wanthabwala, woyenda pa njinga yamoto ndi chisoti chomukulira. Musamuyese munthu woipa. Anali wa mtima wabwino, ndipo mtima wabwino wosafunsa umawononga kuposa mdani.

Providence ataona dimba la NyaNhlema anagwira pakamwa. Pasanapite nthawi anamupatsa ntchito yosamalira nazale ya bungwelo. Poyamba mayiyu anachita mantha, koma ataganiza anaona kuti palibe mlandu. Mbande ya m'chubu sinakhudze nthaka ya a Thole. Ili m'kapulasitiki kake, mlendo ngati iye yemwe. Ndiye anayamba kufesa mbawa, nsangu, mthethe, magwafa ndi mapapaya, mizere ndi mizere pansi pa chisakasa cha udzu.

Pa nazale pali ntchito ina imene anzake a m'bungwelo ankaizemba. Mbande ikakhalitsa pamalo amodzi, muzu umaboola chubu n'kulowa pansi. Ukaulekerera umagwira, tsiku lonyamula mbandeyo imafa. Ndiye pakapita masabata angapo umayenera kunyamula chubu chilichonse, kudula muzu wotulukawo ndi mpeni, n'kuchibwezera pamalo pake. Msana umachita kuwawa ngati wamenyedwa. NyaNhlema ankaigwira yekha ntchitoyo, osadandaula. Mvula ikagwa anthu ankabwera ndi ngolo ndi mabeseni kudzatenga mbande zija, amuna a m'midzi yonse yozungulira, aliyense kukadzala pake. Iye ankawawerengera, kuwauza kuya kwa dzenje, n'kuwayang'ana akupita. Zinkamupweteka mumtima, koma sankauza munthu. Pa mitengo yonse imene inadutsa m'manja mwake panalibe ngakhale umodzi umene anauika m'nthaka.

Chaka china anthu akunja amene ankathandiza bungwelo anasiya. Komiti ya bungwelo inakhala pansi n'kugwirizana kuti adzisakira okha ndalama zogulira pampu ya sola yothiririra madimba. Anakonza zinthu ziwiri. Lachisanu kudzakhala ndawala pa boma, anthu atavala matisheti obiriwira, akugwedeza zitini m'masitolo ndi pa depoti. Loweruka kudzakhala chionetsero kumudzi, ndipo mlendo aliyense adzagula mtengo, n'kuudzala yekha, n'kumangirirapo kachikwangwani ka dzina lake. Maganizo amenewa anali a Providence, ndipo onse anawomba m'manja.

"Tidzadzala m'mbali mwa dimba lanu, amayi," anamuuza NyaNhlema pa nazale. "Ndi pamene alendo adzaone zokongola. Ndipo mtengo woyamba mudzadzala ndinu."

"Ndapota nanu, alangizi, ine ayi. Dimbali si langa."

"Si lanu bwanji? Amalima ndani?"

"Ndine. Koma nthaka ndi ya a Thole. Ine ndinangokwatiwako."

Providence anaseka, kuseka kwa chikondi ndithu. Kwawo ku Dedza munda ndi wa amayi, mwamuna ndiye amabwera kudzakhala mkamwini. Iye anakula akuona agogo ake aakazi akugawa minda, ndipo m'mutu mwake simunkalowa kuti mayi wolima malo amodzi kuyambira ali mtsikana angakhale wobwereka.

"Zachikale izo, amayi. Komanso a Goodson ndawaitana, avomera kuti abwera ndi gulu lawo la ingoma. Akanakhala ndi vuto akananena."

Anawaitanadi. Chimene sanawauze ndi chakuti khasu lidzagwiridwa ndi yani.

Loweruka lija kunadzaza anthu ngati pa ukwati wa mwana wa mfumu. Kunali tenti, zokuzira mawu, kwaya ya ku Embangweni, eni masitolo a pa boma, ndi mabwana awiri a kumacheka ku Chikangawa amene anabwera pa galimoto yonyezimira. Taonani zinthu zake, anthu odula mitengo tsiku ndi tsiku ndiwo anakhala pa mipando ya kutsogolo. Kabichi mmodzi wa NyaNhlema anagulitsidwa mopikisana mpaka anthu kuimirira. A Goodson anavina ingoma thukuta kamukamu, chishango kumanzere chibonga kumanja, fumbi koboo ngakhale kunali kutagwa mvula dzana lake. Atatha anakhala pansi, anawapatsa mbale ya mpunga ndi botolo la fanta.

Ndiye inakwana nthawi yodzala. Providence anatenga cholankhulira.

"Mtengo woyamba adzala ndi mayi amene watilerera mbande zonsezi, m'dimba lake lomwe lino. Amayi Nesta Nhlema, bwerani kuno."

Apa ndiyenera kunena chilungamo, pakuti NyaNhlema mwini wake sabisa. Akanatha kukana. Akanatha kunena kuti msana wavuta, kapena kupereka khasulo kwa mlamu wake mwaulemu, anthu akanawomba m'manja chimodzimodzi. Anayang'ana a Goodson, a Goodson n'kumuyang'ananso, botolo lili pakamwa. Koma kambande ka mbawa kanali kale m'manja mwake, kamene anafesa yekha, kamene anakadula mizu kangapo konse, ndipo dzenje linali patsogolo pake, dothi lakuda lonunkhira mvula. Ankafuna. Zaka zonsezo ankafuna, ndipo tsikulo njala imeneyo inaposa mantha. Anagwada, anang'amba chubu, anakhazika mbandeyo, n'kukwirira ndi manja, khasu osaligwira n'komwe. Anatsendera dothi ndi zibakera pang'onopang'ono ngati akufunditsa mwana. Azimayi analuluta. Wojambula anajambula. Iye anaimirira akuseka, misozi ili mbwembwembwe, ndipo anthu a m'mudzimo amati sanamuonepo akuseka chomwecho chimwalirire Aaron. Paja akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Goodson nawo anawomba m'manja. Anamaliza fanta wawo, anatsanzika alendo mmodzimmodzi, n'kupita kwawo.

Sananene kanthu mwezi umenewo, ngakhale wotsatira. Anadikira. Ndalama za ndawala ndi za mitengo zinakwana, pampu inagulidwa, amisiri anabwera kudzaimika thanki ndi magalasi a sola pamwamba pa dimba, chifukwa pamenepo ndi pamene madzi sankaphwa. Madzi atayamba kutuluka m'mapaipi, m'pamene a Goodson anaitana mlamu wawo pakhonde lomwe lija.

"Alamu, ndinakuuzani chinthu chimodzi chokha," anatero mofatsa. "Kodi ndinakuuzani ziwiri?"

"Chimodzi, adada."

"Mwadzala pamaso pa anthu a pa boma, dzina lanu n'kulengezedwa kuti dimba ndi lanu. Mawa ana anu abwera ndi amuna awo, aloza mtengo uja, ati apa ndi pa amayi. Ife a Thole tidzati chiyani? Banja lakhala pansi. Nyumba khalanimo, sitikuthamangitsani. Koma dimba mukakolola zimene zilimo, mbwenu mulisiye. Mwana wanga akubwera kuchokera ku Joni, alima iyeyo."

NyaNhlema anapempha kuti akazule mbawayo yekha tsiku lomwelo.

"Ayi, isiyeni," anatero a Goodson. "Mtengo sunalakwe."

Providence atamva anathamangira kumudziko, njinga yamoto ikuchita kulira. Analira misozi, anapepesa, anati nkhaniyi aitengera ku komiti, ku boma, kulikonse. Anaitengeradi ku komiti. Koma komiti inayang'ana thanki, inayang'ana mitengo ya mayina a mabwana imene inali itagwira bwino, n'kuona kuti kukangana ndi eni nthaka ndi kutaya zonsezo. Anati nkhani za m'banja bungwe sililowerera. Kuti pampu itetezeke, anasankha a Goodson kukhala wapampando wa komiti ya madimba. Providence anakhumudwa n'kupempha kuti amusinthe dera, ndipo pano akumveka kuti ali ku Kasungu. Iyeyo anali ndi kopita.

NyaNhlema analibe. Nyumba anamusiyiradi, koma nyumba sadya. Kwawo kobadwira alongo ake anali atagawana kale minda, ndipo mkazi amene ng'ombe zake zinadyedwa sabwerera kukafunsa munda. Anakolola anyezi womaliza, anamanga katundu, n'kutsata Esme pa boma, kumene mwanayo amagulitsa m'sitolo ya mwenye wina ndipo amachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo. Pochoka anadutsira pa nazale. Sanatenge keni yothirira mbande, sanatenge wilibala, ngakhale zinali zoti akanatenga palibe akanamufunsa. Anatenga kambande kamodzi ka mbawa kotsalira, n'kukaika m'ndowa yakale yobooka pansi.

Chaka chathachi ndawala inachitikanso. Anadutsa pa msika ndi ng'oma ndi zitini, a Goodson ali patsogolo atavala tisheti yobiriwira pamwamba pa shati ya kolala. Anyamata awiri ananyamula chinsalu chachikulu, ndipo pachinsalupo panali chithunzi cha mayi atagwada, manja ali m'dothi, akuseka. Pansi pake analembapo kuti amayi ndiwo asunga nthaka. Mtsikana wina watsopano wa bungwelo anaima pa benchi la NyaNhlema n'kugwedeza chitini.

"Amayi, thandizani kuteteza chilengedwe. Kangachepe."

Sanamuzindikire, ngakhale chinsalucho chinali kumbuyo kwake komweko. Mayi wogulitsa naye moyandikana anatsegula pakamwa kuti alankhule, NyaNhlema n'kumugwira mkono.

"Ndinapereka kale, mwana wanga," anatero, n'kupitiriza kuunjika tomato.

Mbawa ija ilipo. Ili pakhonde la kachipinda ka lendi, m'ndowa yomwe ija, ndipo yafika m'chiuno. Anzake amene anadzalidwa kudimba anapitirira kale denga la nyumba. Iyi masamba ake ndi ang'onoang'ono, achikasu m'mphepete, thunthu lake ngati chala. Esme amati amayi ingoitayani, kapena mupatse eni nyumbawa adzale. Koma mayiyo amaisungabe. Amaithirira ndi madzi otsukira tomato m'mawa uliwonse.

Madzulo a tsiku la ndawala lija, atafika kunyumba, anayesa kusuntha ndowayo kuti asese. Inakana. Anagwada n'kusuzumira pansi, ndipo anaona kuti muzu watulukanso pa chiboo chija, walowa m'nthaka ya eni nyumba, woyera, wonenepa, wagwira ndithu. Anauyang'ana kwa kanthawi. Kenako anaitana Esme kuti amubweretsere mpeni.