A Ngozo ndi Filimu ya Anthu Ogona

A Raphael Ngozo sadziwa Chingerezi. Zimenezi zidziwike poyamba pomwe, chifukwa kwa zaka khumi ndi chimodzi ntchito yawo pa msika wina wa ku Bwanje inali yomasulira mafilimu a Chingerezi. Bambo awo ndiye anali wa ku Joni weniweni, wa mumgodi, amene anabwerako ndi njinga, jekete ndi chifuwa chosatha. A Ngozo atakula anati nawonso akaoneko, koma anakathera pa famu ya malalanje, kumene kwa zaka ziwiri ankacheza ndi makwerero ndi madengu basi. Anabwerako ndi chipewa chachikopa, mawu a Chingerezi osakwana zala za dzanja limodzi, ndi kayendedwe kotangadza ngati munthu wa chithupsa.

Kumunda anali munthu wachabechabe. Akazi awo, a Mervis, ali ndi chigawo cha mpunga mu sikimu ya ulimi wothirira, koma a Ngozo akangoponda m'matope msana unkayamba pomwepo. Chimene Mulungu anawaninkha mosaumira ndi pakamwa. Ndiye mlamu wawo Sibongile, mng'ono wa a Mervis, atatsegula nyumba ya vidiyo kuseri kwa chigayo, anawapatsa maiki ndi kampando pambali pa sikirini, kuti mwina achemwali ake apumeko phokoso kunyumba.

Kamasuliridwe kawo kanali kosavuta. Filimu ikayamba ankafufuza anthu awiri: wa nkhope yosalala ndi wa chipsera. Wosalalayo ndiye ekitala, wa chipserayo chigawenga. Zokamba anthuwo ankapeka okha. Mzungu akakwinya nkhope, a Ngozo pa maiki: "Akuti mbuzi zako zandidyera chimanga, lero undidziwa!" Msilikali wa ku Amereka ankapezeka kuti kwawo ndi ku Mlangeni, ndipo ku nkhondoko akuthawa apongozi. Anthu ankaseka mpaka kugwa pa benchi, a Ngozo n'kumadziona ngati mphunzitsi wamkulu.

Zinasokonekera atabwera mafilimu a pa fulashi, omasuliridwa kale ndi anyamata a m'tauni.

"Alamu," anatero Sibongile tsiku lina akusesa makoko a mtedza, "anyamata aja amamva zimene azungu akunena. Inu mumangowasemera milandu."

"Ndani wadandaula? Mzungu wabwera kudzadandaula?"

"Loweruka ndili ndi filimu imene ku boma anthu akuikamba. Anthu akakhala mpaka ithe, maiki ndi yanu. Akatuluka pakati, ndiyika fulashi, inu muzikathandiza achemwali."

Mawu oti kuthandiza achemwali anawalowa m'mafupa. Lachisanu masana anachita chimene anali asanachitepo chiyambire ntchito: anakhala pansi kuionera filimuyo anthu asanaione.

Inali ya zaka zam'tsogolo. Mzinda wonse utsi, mvula yakuda, mtengo palibe ndi umodzi womwe. Anthu agona m'timabedi tosanjikizana ngati nkhuku zopita ku msika, kumaso avala zimagalasi ngati za owotcherera zitsulo, nthambo zili m'khosi. M'magalasimo ndiye muli dziko lina: wosauka ali ndi galimoto, wopunduka akuuluka, wonyansa akufunsiridwa. Dziko lonselo ndi la kampani ina, ndipo munthu akaphedwa m'menemo, pabedi pajanso wapita. Wa chipsera munalibe. Wa nkhope yosalala analipo, koma anali chigonere.

"Alamu, ekitala ndi uti apa?" a Ngozo anafunsa Sibongile.

"Ndi amene wagonayo."

"Wagonayo? Kuyambira muja sanadzuke ngakhale kukataya madzi!"

"Akumenya nkhondo m'maganizo, alamu. Ndi za sayansi."

"Sayansi yake iti? Kwathu kuno munthu wogona masana n'kumaponya miyendo timamutengera ku chipatala, malungo akwera kumutu. Awa amujambula filimu. Ndipo taonani chigawenga chake: kampani! Kampani uimenya pati? Ili ndi chibwano?"

Anapitiriza kunyoza mpaka filimu kutha. Anati amene anailemba ndi munthu wokhuta, woti sanasowepo ndiwo, n'chifukwa chake akuopa magalasi. Anati ngati kutsogolo kuli chonchi, bola iwo adzakhala atafa. Koma mumtima munali thukuta. Munthu wogona umupekera mawu otani kwa maola awiri?

Loweruka nyumba inadzaza. Unali mwezi wa Meyi, mpunga utayamba kucha, nthawi imene munthu wanzeru amakhala m'munda kuyambira m'mamawa ndi zitini ndi legeni, kuingitsa mpheta. Amuna amene anadzaza mabenchiwo aliyense anali atasiya mkazi kumunda ndi bodza lake: wina wakagula mankhwala, wina wakaona odwala. Kutsogolo kunakhala Cosmas, mlimi wa mpunga wa pakamwa posatseka, amene kunyumba ananena kuti akukapopetsa njinga.

A Ngozo anayamba mwa masiku onse. Anati ekitala wagona chifukwa anamwa kachasu wa ku Tsangano. Anthu anaseka pang'ono. Mphindi makumi awiri zinadutsa, munthu uja chigonere. Kumbuyo ena anayamba kuyasamula.

"A Ngozo, adzuka liti ameneyu?" anafunsa Cosmas. "Kapena tibwere mawa?"

Sibongile anali pakhomo, manja m'chiuno. A Ngozo anamuona, anaonanso anyamata awiri akuyang'ana kunja. Pamenepo anasiya zopeka, n'kuyamba kulankhula za kumtima kwawo.

"Abale anga, ndisakunamizeni. Ameneyu sadzuka. Ameneyu ndi mlesi wa dziko lonse. Taonani miyendo, ngati mapesi! Uyu mutamupatsa khasu akhoza kulifunsa kuti batani lili pati."

Nyumba inaphulika.

"Uko akuuluka, eti? Akudumpha nyumba zosanja. Koma kuno ntchentche yamutera pamphuno, akulephera kuiingitsa. Ndi mwamuna ameneyu? Uyo mkazi wokongola akumupsompsonayo kulibe, ndi magetsi. Escom ikangothimitsa, ukwati watha!"

"Apatseni, a Ngozo!" anakuwa Cosmas akumenya benchi. Amene ankafuna kutuluka anakhalanso pansi. Ena a ku chigayo anasuzumira pa zenera, ufa uli m'nsidze. Ngakhale Sibongile anabisa kumwetulira ndi nsonga ya chitenje. Maiki inali itapulumuka, ndipo munthu wanzeru akanalekera pomwepo, n'kusiya filimu idzithere yokha.

Koma a Ngozo akamva anthu akuseka, mabuleki amaduka. Pa sikirini panaoneka chipinda chenicheni cha ekitala uja: mbale zauve, makoswe akudya chakudya patebulo, mkazi wake weniweni wowonda akuwathamangitsa ndi tsache, mwamuna akumwetulira m'magalasi. A Ngozo anaimirira, chipewa anakankhira kumbuyo.

"Taonani chitsiru ichi! Mkazi akulimbana ndi zilombo yekhayekha, chakudya cha chaka chonse chikutha, iye wadzitsekera mumdima masana dzuwa likuswa mtengo, kukamwa yasa, kuyang'ana zinthu zoti kulibe! Kukanakhala kuno bwenzi mpheta zikukolola mpunga, mkazi mawu atasasa ndi kukuwa, bambo ali phee pa benchi kuonerera azungu. Munthu wotere ngwofunika kumulanda mkazi, munda ndi thalauza lomwe!"

Anadikira kuseka. Kunalibe. M'nyumba monse munangomveka kulira kwa chigayo.

Cosmas anakanda m'mutu. "A Ngozo, mukunena mzunguyo kapena?"

"Mzunguyo, achimwene, mzunguyo!"

"Chifukwa ine njinga ija ndapopetsa kalekale."

Anaimirira, n'kutuluka. Wa mankhwala uja anayang'ana dzuwa pa chibowo cha malata, nayenso anadzuka. Wokaona odwala anatsatira osayang'ana munthu kumaso. Kenako benchi yonse yachiwiri, yachitatu, anthu akupondana pakhomo ngati kwagwa moto, njinga zikulira mabelu kulowera ku sikimu.

"Khalani pansi, abale! Ndewu ikubwera! Adzuka pompano, ndamuona akugwedeza chala!"

Anatsala anthu atatu: agogo ena amene anali m'tulo chiyambire filimu, ndi ogula mpunga awiri ochokera ku Balaka amene analibe munda woti athamangireko. Sibongile anayenda pang'onopang'ono kuchokera pakhomo, anazula nthambo ya maiki, n'kuikulunga pa dzanja.

"Alamu, zaka khumi ndi chimodzi mwakhala mukunama, anthu osatuluka. Lero mwanena zoona kamodzi kokha, mwandithera bizinesi."

"Si ine, alamu, ndi filimu yanu yopusayi."

"Mukawauze achemwali kuti mawa ali ndi wantchito."

Masiku ano mukadutsa mu sikimu nthawi ya mpunga, mudzamva mawu amodzi okwera kuposa zitini zonse. Ndi a Ngozo, ataima pa mzere wouma kuti matope asawakhudze, chipewa chachikopa chili kumutu, akutukwana mpheta ndi mitundu yawo yomwe. A Mervis amati chikwatiwire sanakololepo mpunga wochuluka chonchi, ndipo amuna awo akanaidziwa msanga ntchito yawo, bwenzi pano ali ndi nyumba ziwiri za malata.

Maganizo awo pa filimu ija sanasinthe. Amati ndi filimu ya anthu okhuta, yolembedwa ndi wokhuta, ndipo aliyense woikonda akapimitse magazi. Cosmas akamadutsa pa njinga salephera kuwaputa.

"A Ngozo! Paja mzungu uja anadzuka?"

"Pita ukamudzutse wekha, ndi mbale wako! Iwe, choka apo! Fyaa!"

Mawu omalizawo amakhala a mpheta, koma Cosmas amapalasabe mofulumira.